Ku Wildlife Centre sitinaone mkango koma tibwererakonso

Loweruka lapitali ndinatenga ana anga awiri ndi bambo anga kupita ku Lilongwe Wildlife Centre, kuja ambirife timangoti ku Nature Sanctuary, ndiye poti anthu angapo akhala akundifunsa kuti kuli bwanji masiku ano ndati ndingolemba kamodzi aliyense adziwerengere. Ife timakhala ku Area 36, nyumba ya lendi yopanda siling'i, ndipo dzuwa la Okutobala uno mukulidziwa nokha, ikamakwana 11 koloko malata amakhala ngati akukuwotcherani pamutu, panja napo fumbi lokhalokha poti mtengo wa mango umene unali pabwalo eni nyumba anadula chaka chatha akuti amangepo ka boys kota. Ana amangozungulira m'nyumba kulimbirana foni. Ndiye ndinati ayi wikendi ino tituluke, tikapeze pamene pali mthunzi.

Kafikidwe kake sikovuta. Malowa ali pakati pa Old Town ndi City Centre, mumsewu wa Kenyatta uja anaukuza, ndiye mukakwera minibasi kapena Sienta yopita ku City Centre mungowauza kuti nditsika pa Wildlife. Pageti pamalipiridwa, anatilandira bwino, mtsikana amene anali pamenepo anawapatsa moni bambo anga mwaulemu kuti agogo mwaswera bwanji mpaka iwo anasangalala, ndalama yake tonse anayi sinandipweteke ngati mmene imandipwetekera ndikawatengera anawa ku mall kukadya chips ndi nkhuku.

Chinthu choyamba chimene ndikufuna mumve musananyamuke ndi ichi, kumeneku si ku zoo. Ndikubwerezanso, si zoo. Mnyamata wanga wazaka 7 anagona akulota mkango, njira yonse amangoti amami mkango ukabangula ine sindithawa, ndiye atamva kuti nyama zimene amasamala kumeneko anthu wamba saloledwa kukaziona nkhope inagwa, misozi lengelenge. Ena a inu mukukumbukira nthawi ija kunali mkango waukazi wa diso limodzi dzina lake Bella umene anaupulumutsa ku zoo ina ku Romania, ana asukulu ankapita ndi mabasi kukauona. Mkango umenewo unafa kale ndipo kachitidwe ka zinthu kanasintha. Poyamba nanenso zinandikhumudwitsa pang'ono koma nditamva chifukwa chake ndinagwirizana nazo. Malowa amayendetsa ndi a Lilongwe Wildlife Trust ndipo ntchito yawo yeniyeni ndi chipatala cha nyama zakutchire, anyani ndi apusi aja anthu amagulitsa m'mbali mwa msewu atawamanga chingwe m'chiuno, agwape ogwidwa pamsampha, ngaka zolandidwa kwa anthu ozembetsa, zonsezo zimabwera kuno kudzachira, zikachira amakazisiya kutchire ngati ku Kasungu National Park. Nanga nyani amene wazolowera kuti tsiku lililonse anthu akumuponyera nthochi ndi kumujambula akamusiya kutchire atani? Abwerera kumidzi kukaba chimanga, anthu amupha. Ndiye kubisa nyamazo si nkhanza kwa ife oonerera ayi, nkuzichitira chifundo nyamazo. Pajanso lamulo la nyama zakutchire analikhwimitsa mu 2017, munthu wopezeka ndi ngaka kapena minyanga atha kukaseweza mpaka zaka 30, izi ndinamuuza mnyamata wanga anachita kutong'ola maso.

Ndiye mukufunsa kuti nanga tinalipirira chani? Tinalipirira nkhalango, ndipo ine ndikuti inakwana.

Mukangolowa m'tinjira tawo timene anaika zizindikiro, simuyenda mtunda wautali phokoso la magalimoto limayamba kuchepa, kenako lazimiririka, mwatsala ndi nyenje basi ndi njiwa. Kamphepo kake nkosiyana ndi ka panja pageti, thukuta linali kamukamu kumsana linangouma lokha. Ine ndakhala mu Lilongwe muno zaka zambiri, ndadutsa pamsewu umenewu kosawerengeka ndili pa windo la minibasi, koma sindinkadziwa kuti kuseri kwa mpanda uja kuli bata lotere, zii, mpaka kumva tsamba louma likugwa. Mtsikana wanga wa Fomu 2 amene samasiya foni anaiika m'thumba yekha popanda womuuza.

Nyama zoyenda zokha ziliko ndithu, izi ndiye palibe akukuletsani kuona bola maso anu. Tinapeza gulu la apusi pamtengo wa mkuyu, wina wamkazi ali ndi kamwana kakuda kumaso kokangamira pamimba, timanja take tating'ono ngati ta khanda lenileni, mayiyo akusenda chipatso ndi mano uku diso lili pa ife, kamwanako kanasuzumira kunsi kwa mkono kenako kanabisanso mutu. Mnyamata wanga anaiwala za mkango pompo. Tinaima pamenepo mwina mphindi 15 osayankhula. Patsogolo pang'ono bambo anga anangokweza dzanja kuti tiime, ife sitinaone kanthu, iwo akuti taonani paja pali mthunzi wa chitsamba, ndiye kuyang'anitsitsa inali mbawala itaima njo, timadontho toyera m'ntchafumu, makutu okha ndi amene amagwedera. Inatiyang'ana kanthawi kenako inangolowa m'thengo mwakachetechete osathamanga nkomwe. Mbawala pakati pa tawuni abale, kamtunda kochepa chabe kuchoka pa Capital Hill.

Kupita ndi munthu wamkulu kumalo ngati awa ndiye kudya bwino. Bambo anga mtengo uliwonse amaudziwa dzina ndi ntchito yake, uwu ndi mthethe, uwu mkuyu umakonda pamene pali madzi pafupi, uwu usaugwire uli ndi minga yokhota, ndipo anawaphunzitsa adzukulu awo kuzindikira chitedze kuti akachiona chikulendewera ndi ubweya wake uja atalikire poti nyengo yake yoyabwa ndi ino yotentha. Anawaonetsanso chisa cha nantchengwa pamphanda ya mtengo, chachikulu ngati dengu la tomato, ana anakana kuti mbalame imodzi singamange chimenecho. Mtsikana wanga anafunsa kuti agogo zonsezi munaphunzira kusukulu yanji, iwo anangoseka nkunena kuti kubusa mbuzi. Zinandikhudza chifukwa ine amene ndine mwana wawo theka la mitengo imeneyo sindimaidziwa, ndiye ana angawa akanaidziwira kuti ku 36 kumene mtengo umene amaudziwa ndi bulugamu ndi mango.

Tinjirato timakafika kumtsinje wa Lingadzi ndipo pamenepa mugwire ana padzanja, mumtsinjemu muli ng'ona, si nthano. Ife sitinaione koma tinaona mng'azi waukulu ukuwothera dzuwa pamwala, utatimva unadziponya m'madzi kuti phava. Panopa madzi ndi ochepa poti ndi chilimwe, ndiye apa ndi pamene mtima wanga unawawa. M'mizu ya mitengo m'mbali mwa mtsinje mwakodwa majumbo, mabotolo a pulasitiki, mapampasi, nsapato imodziimodzi, zina zili pamwamba penipeni panthambi kusonyeza pamene madzi anafika nthawi ya dzinja. Izi si za eni malowa ayi, mtsinje sufunsa kuti pano ndi pa sanctuary, umangobweretsa zimene ife tataya kumtunda konse kumene wadutsa, ku 49, ku Mtandire, ku 47. Ndi ifeyo. Timataya mungalande kuti mvula ikokolole ngati kuti ikakokolola zapita kumwamba. Majumbo opyapyala aja boma linaletsa kalekale mu 2015 koma nkhani inangokhalira kumakhoti zaka ndi zaka uku ife tikugulirabe tomato momwemo. Ndipo Lingadzi yemweyu ndi uja anasefukira mu February 2017 nkugwetsa nyumba za anthu ku Mtandire, mtsinje ukaulanda mitengo ya m'mbali ndi kuumba njerwa mpaka m'mphepete umabweza ndithu. Mukaima mkati mwa sanctuary nkuona mmene magombe ake agwirira chifukwa cha mizu, kenako mukakumbukira mmene mtsinje womwewu umaonekera kumtunda kuja kuli maenje a njerwa ndi mchenga, simufunanso munthu wokuphunzitsani za chilengedwe.

Tinakhala pabenchi ina kuti agogo apume, ndiye anayamba kufotokoza za kale. Iwo anabwera mu Lilongwe ali mnyamata nthawi imene amamanga Capital Hill, ankaponda matope ndi kunyamula njerwa kwa amisiri. Likulu linasamuka ku Zomba kubwera kuno mu 1975, ndalama zambiri zoyambira zinali ngongole yochokera ku South Africa, ndipo bungwe limene linkayendetsa zomangazo linali Capital City Development Corporation. Akuti nthawi imeneyo mawu amene anali pakamwa pa akuluakulu anali oti Garden City, kutanthauza kuti mzindawu ukhale ngati uli m'munda, ma Area atalikirane, pakati pake pakhale mitengo ndi madambo. Ndiye tchire ili pakati pa Old Town ndi City Centre sikuti anaiwala kumangapo, analisiya dala. Ife timadandaula kuti Lilongwe ndi yomwazikana, kuchoka ku 25 kufika ku 36 ngati ulendo wa kumudzi, zoona, koma mbali ina ya kumwazikanako cholinga chake chinali chakuti mzinda uzipuma. Bambo anga akuti ankatchera mbewa malo amene lero pali ma ofesi ndipo afisi ankalira usiku uliwonse, ndinawauza kuti afisiwo alipobe mu tawuni muno mpaka lero, amatuluka usiku kukasaka m'malo otaya zinyalala, anangoti eya iwo ndiye eni mzinda.

Vuto ndi lakuti pulani ija inali ya anthu ochepa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mu mzinda wa Lilongwe, pano ndiye tinadutsa miliyoni kalekale, aliyense akufuna puloti, aliyense akufuna makala. Malo amene anasiyidwa kuti akhale opumirako m'ma Area ambiri lero pali mipanda ya njerwa, ena pali ma filling station, ena ma shopu. Makala athu akuchokera ku Dzalanyama, kumene kumayambira mtsinje wa Lilongwe umene tikumwa tonsefe kudzera ku madamu a Kamuzu ku Malingunde, njinga zija mumakumana nazo mbandakucha zitasenza matumba atatuatatu. Sindikuwanyoza anthu amenewo, nane ndimaphikira makala omwewo magetsi akathima, ndikungonena kuti zinthuzi nzolumikizana. Ndipo msewu wa Kenyatta womwewu tonse tinaona mu 2021 mitengo ikuluikulu ija itagona pansi kuti msewu ukule, anthu analira pa Facebook sabata yathunthu. Msewu tinkaufuna, jamu inali yoopsa, palibe angakane, koma amene ankayenda pansi kuchoka ku tawuni kupita ku City Centre pansi pa mthunzi uja akudziwa chimene chinatayika, yesani kuyenda pamenepo masana ano muone.

Za chakudya ndisakhalitsepo, kuli ka cafe pafupi ndi polowera, malo okhala ndi abwino pansi pa mitengo, ife tinangomwa zoziziritsa kukhosi poti tinali titadya kale kunyumba. Malo osewerera ana aliponso, mnyamata wanga anachita kumukoka kuti tizipita. Zimbudzi zinali zaukhondo, kwa ine mayi woyenda ndi ana chimenechi ndi chachikulu kuposa menyu. Langizo langa valani nsapato zotseka osati ma silipasi, tengani madzi akumwa, pitani m'mawa dzuwa lisanakwere ndi pamene nyama zimayenda, ndipo chonde musawapatse chakudya apusi ngakhale akuyang'aneni momvetsa chisoni bwanji. Agogo oyenda ndi ndodo atha kuyenda kanjira kafupi, bambo anga ali ndi vuto la bondo koma anakwanitsa popumira.

Chimene chinandidabwitsa ndi anthu amene tinawapeza m'tinjiramo. Ambiri anali azungu ndi amwenye, ena akuthamanga, ena ndi ana awo pamsana m'zikwama zija, a Malawi tinalipo owerengeka, banja lina ndi anyamata awiri ndi chibwenzi china basi. Palibe anatiyang'ana moipa, palibe anatifunsa kuti mukufuna chani, geti ndi lotsegukira aliyense, koma ife tinadziuza tokha kuti kuyenda m'tchire popanda kumene ukupita ndi za azungu. Mnzanga wina nditamuuza anati iwe ulipire ndalama kuti ukaone mitengo, kwanu ku Dowa kulibe? Komatu ku Dowa komweko mitengo yachilengedwe yotere yatsala kumanda kokha. Ife tikati tikapume timatanthauza ma garden aja a mowa, ndinapitako kwina mwezi watha ndi anawa poti analemba kuti family day, kapinga wake wabwino ndithu koma sipika kukula ngati firiji, utsi wa kanyenya, anthu oledzera kudutsa pakati pa ana akutukwana, tinabwerako mutu ukupweteka ndalama zitathanso. Sindikuti malo amenewo atsekedwe, aliyense ali ndi kokonda, koma mwana amafunikanso malo amene angamve mbalame ikulira nkufunsa kuti imeneyo ndi chani.

Titatuluka nthawi inali ikadalipo ndiye tinakwera kupita ku City Centre poti bambo anga anati sangafike kuno osakaona pa Kamuzu. Manda aja anawatsegulira mu 2006 nthawi ya Bingu, ali pafupi ndi nyumba ya malamulo, ndipo ngati malo oti munthu ukhale phee ndi abwino, poyera, maluwa osamalidwa. Mizati inayi ija ikuimira ngodya zinayi, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, agogo anazitchula pamtima osawerenga ana anadabwa. Sanabise mbali inayo, anawauza adzukuluwo kuti nthawi imeneyo kunalinso mantha, munthu umatha kusowa chifukwa cha mawu amodzi, opanda khadi la chipani sumalowa mumsika. Anavula chipewa, anaima pang'ono, tinapitirira. Koma mthunzi pamenepa ndi wochepa, masana simukhalitsa, ndi malo a mbiri osati ogonapo pa chitenje. Chimodzimodzi ku chipilala chachitali cha ku Area 18 chokumbukira asilikali amene anafa pankhondo zikuluzikulu, pamene pali chiboliboli cha Kamuzu, nkoyenera kuwatengerako ana kamodzi akaone.

Ku Botanic Garden ndiye kwathu kwenikweni a Malawi, uku simungatisowe. Ndi malo a National Herbarium and Botanic Gardens, omwe alinso ndi minda ina ku Zomba ndi ku Mzuzu. Tinangodutsako mwachidule koma ndimakudziwa bwino, ndinkawerengerako mayeso kale. Mukalowa mupeza pansi pa mtengo uwu gulu la amayi likupemphera mokweza, pansi pa uwo ana asukulu ndi mabuku, uko kwaya ikuphunzira nyimbo, uko akwati akujambulitsa ndi operekeza awo atavala zofanana, aliyense ndi mtengo wake osasokonezana. Malo ndi aakulu, otambalala, mwana atha kuthamanga mpaka kutopa. Kusiyana kwake ndi ku Wildlife nkwakuti ku Botanic mumapita kukakhala ndi anthu pamthunzi pamene ku Wildlife mumapita kukakhala ndi tchire lenilenilo. Chokhumudwitsa ndi ife alendo omwe, anthu amadya nkusiya mapepala ndi mabotolo pomwe anakhalapo, ena mpaka amene abwera kudzapemphera, ndinaona ndi maso anga botolo la madzi ndi jumbo zitasiyidwa patsinde pamene gulu lina linangochokapo kumene, mtsikana wanga anatola yekha.

Ndiye mukandifunsa kuti mwa atatuwa ndisankhe pati ndi ana, ine ndikuti Wildlife Centre, nyenyezi zinayi ndi theka mwa zisanu, theka ndachotsalo ndi la zinyalala za mumtsinje zomwe mwini wake ndi ife tomwe. Chimene chikundivutitsa mumtima nchakuti malo onsewa ali mbali imodzi ya mzinda, kumene kuli kale mitengo m'mipanda ya anthu, Area 10, 12, 43 uko majakaranda achita maluwa mbuu m'misewu mwezi uno. Mwana wa ku Chinsapo, Mgona, Kauma, Mtandire kapena kwathu ku 36 kuti apeze kapinga woti agonepo akuyenera kukwera minibasi ziwiri, ndipo kwa banja la anthu asanu thiransipoti yokha ndi ndiwo za masiku angapo, ndiye ambiri sadzafikako. Bwalo la mpira la fumbi ndi limene lili paki yathu, nalonso mumangodzuka tsiku lina mwapeza akumbapo maziko. Ndikanakonda aphunzitsi a m'masukulu a m'makomboni muno ndi magulu a kumpingo aziganizako zotengera ana kumeneku ngakhale kamodzi pa teremu, kusonkherana pang'onopang'ono zimatheka, timasonkherana za zikwati ndi ma bridal shower mwezi ndi mwezi.

Pobwerera mu minibasi mnyamata wanga anagona pamiyendo ya agogo ake, atadzuka pa depoti funso lake loyamba linali lakuti kamwana ka pusi kaja kagona pati mvula ikabwera. Tagwirizana kuti tipitenso mu Januwale tchire likabiriwira, bambo anga akuti akufuna akaone ngati madzi a Lingadzi amafikadi panthambi ija panakodwa nsapato.